Firiji ya ku Zingwangwa

Nyumba ya ku Chirimba tinalowamo ndi zinthu zinayi:
matiresi, ndowa, simbi ya makala,
ndi kapepala ka Ndaziona
kolembedwa ndi bolopeni yofiira:
firiji, ketulo, mbaula ya magetsi, fani zikatheka.
Mawu athu ankabwerera kuchokera m'makoma
ngati tikulankhula m'tchalitchi Lolemba.

Loweruka tinakwera minibasi ya ku Limbe,
ndalama nditazigawa pawiri,
zina m'thumba, zambiri m'sokosi.

M'sitolo yoyamba mafiriji anaima pamzere
oyera mbee ngati anamwino,
mitengo itamatidwa pamphumi.
Maziro ndinawawerenga kawiri.
Ndaziona anatsegula imodzi,
nanunkhiza pulasitiki watsopano,
natseka mwaulemu monga khomo la eni.

Kuseri kwa msika mnyamata wa kapusi yotembenuza
anandiitana bwana katatu.
"Iyi yatsika dzulo kuchokera ku Joni,
imaziziritsa mpaka mano kuwawa."
Ndinati tiyatse kaye, timve kulira kwake.
Iye anayang'ana kumwamba: "Magetsi athima."
Koma kwa wometa, khomo loyandikana,
makina ankadya tsitsi bwinobwino.
Chikomekome cha mkuyu. Tinapitirira.

Ketulo tinagula titaigogoda, kuitembenuza,
kufunsa ngati imameza mayunitsi.
Mbaula ya mbale ziwiri ndinainenerera
mpaka wogulitsa anagwira pamutu:
"Achimwene, ana anga adye mawaya kodi?"
Ndinatuluka chifuwa chili patsogolo.
Dzuwa linapendeka, firiji ayi.

Ndiye mnzake wa Ndaziona wa kukwaya
anatilozera ku Zingwangwa, kumtunda kwa mjigo,
kwa mayi Nasimango amene akusamuka.
Tinapeza makatoni omangidwa ndi linya,
makatani atatsitsidwa, misomali yokha pakhoma.
M'katoni ina munali nsapato zachibambo,
zopukutidwa bwino, zopanda wozivala.
Lole ya ku Thyolo inkabwera Lachiwiri.

Firiji inali pakona, yachikasu ndi zaka,
chogwirira chokulungidwa ndi tepi.
Ndinapisa dzanja m'kati, chisanu chinandiluma.
Ndinapanitsa pepala pachitseko n'kukoka, linakana kutuluka.
"Magetsi akabwera musathamangire kuyatsa,
muziyamba mwathira madzi a tiyi," anatero mayi.
"Usiku ikamabuula musaope,
ndimo imapumira."

Pambali pake panali timizere ta pensulo
tokwera ngati makwerero,
pa kalikonse dzina limodzi, Lonjezo,
ndi chaka chake.
Kapansi kankandifika m'chiuno,
kapamwamba kanandipitirira phewa.

Anatchula mtengo.
Kamwa langa, lozolowera kudula pakati,
linayamba kale kutseguka
pomwe Ndaziona anandiponda phazi,
lomwe lija la sokosi.
Ndinawerama. Ndinawerenga zonse, osachotsapo.
Fani inafera pomwepo.

Pa pikapu ya hayala tinaiimika chilili,
ine nditaikumbatira kumbuyo
ngati wodwala wopita ku Gulupu,
ndikukalipira dalaivala pa dzenje lililonse.
Pa Wenela anyamata oitanira anakuwa,
"Mkazi wachiwiri ameneyo, madala?"
Sindinayankhe, manja anali otanganidwa.

Lero muli botolo la madzi, matimati atatu,
ndi theka la kabichi.
Okutobala akutiwotcha popanda fani,
timadzipepesa ndi kapepala kaja.
Ketulo ya ku Limbe inapsa sabata yachitatu.
Koma pakati pa usiku, agalu a ku Chirimba akatopa,
ndimaimva ikubuula kukhitchini
ngati munthu amene akuzolowera malo,
ndipo makoma asiya kutiyankha.

Timizere tija sitinafufute.
Ndinabwera ndi kansalu tsiku lina, ndinabwerera.
Mbali inayo n'njoyera, palibe analembapo.
Dzulo ndinaona Ndaziona akusongola pensulo,
naiika pamwamba pa firiji,
osanena kanthu.